Mlandu Wosalembedwa pa Dzina

M'mizinda yaikuru ya kutsidya kwa nyanja muli kapepala kamene eni magalimoto akaopa ngati matalala pa fodya. Munthu aimika galimoto yake m'mbali mwa mseu, nalowa m'sitolo kapena m'nyumba ya mnzake. Potuluka apeza kapepalako kali pa galasi la kutsogolo. Kanena kuti galimoto inaima pamalo poletsedwa, kapena inakhalitsa kupitirira nthawi imene mwini wake analipira, ndi kuti alipe chindapusa chakuti asanathe masiku akuti. Ambiri a ife tiribe galimoto, ndipo njinga zathu tizitsamiritsa pa mtengo uli wonse popanda wotifunsa. Komatu ana athu ena ali ku maiko amenewo, nayendetsa magalimoto pa ntchito zao. Ndiponso m'kapepala aka muli phunziro lokhudza ife tonse, ngakhale iye amene sanakwerepo galimoto chibadwire. Pakuti mlandu uwu, ungakhale uli ndi chindapusa, kawirikawiri sulembedwa pa dzina la woyendetsa. Tsono funso lathu ndi ili: munthu achita chiani ndi mangawa amene sadetsa dzina lake?

Tiyambe taona kumene lamuloli linachokera, pakuti lamulo limene munthu sadziwa chifukwa chake limuwawa kawiri. Mu mzinda wa Oklahoma City, m'dziko la Amereka, eni masitolo anadandaula kuti antchito a m'mzindamo analikusiya magalimoto ao pakhomo pa masitolo kuyambira m'mawa kufikira madzulo, kotero kuti wodzagula anasowa poima. Pamenepo Carl Magee, mkonzi wa nyuzipepala, anatulukira kachitsulo kokhala ndi koloko m'kati mwake, koimikidwa m'mbali mwa mseu. Woimika galimoto aponyamo ndalama, ndipo koloko iwerenga nthawi imene wagula. Tizitsulo toyamba tinaimikidwa pa 16 July 1935, ndipo mtengo wake unali masenti 5 pa ora limodzi. Nzeruyi inaoloka nyanja nifika ku London m'chaka cha 1958, ndipo mu 1960 mzinda umenewo unalemba alonda oyenda m'miseu ndi kusiya timapepala tija pa magalimoto olakwa.

Lamulo lomweli tiri nalo pa chitsime. Wotunga atunge nachoke, kuti wa pambuyo pake atungenso. Iye amene akhala pomwepo nayamba kuchapa nsaru zake, anzake ali chiimire ndi mitsuko youma, sanabe mbuzi ya munthu. Koma watenga cha mudzi wonse nachiyesa chake. Mseu wa mu mzinda ndiwo chitsime chao. Ndipo malo ena aletsedwa pa zifukwa zolemera koposa izi: pakhomo pa chipatala, pamalo posungidwira opunduka, pangodya pamene galimoto yoima ibisa mwana wooloka mseu.

Tsopano tione mmene milandu ya pa mseu isungidwira, ndipo titenge chitsanzo cha ku England, kumene kuli abale athu ambiri. Kumeneko woyendetsa ali yense ali ndi mbiri yake yosungidwa ndi Boma ku ofesi yotchedwa DVLA. Akachimwa galimoto iri kuyenda, pa mbiriyo paikidwa madontho, amene iwo awatcha mapointi. Wothamangitsa galimoto kupitirira muyeso alandira madontho osachepera 3 ndi chindapusa chosachepera mapaundi 100. Woyendetsa ali ndi foni m'dzanja alandira madontho 6 ndi chindapusa cha mapaundi 200, kuyambira chaka cha 2017. Madontho akakwana 12 m'zaka zitatu, bwalo la milandu limletsa munthuyo kuyendetsa, kawirikawiri miyezi isanu ndi umodzi. Iye amene walandira chiphaso chake chatsopano amletsa msanga koposa: madontho 6 m'zaka ziwiri zoyamba, chiphaso chalandidwa, ndipo abwerere kukalembanso mayeso. Madontho ambiri akhala pa mbiri zaka zinai, koma a woyendetsa ataledzera akhala zaka 11. A inshuwalansi awafunsa nakweza mtengo. Wolemba antchito awaona nakana munthu ntchito. Ife aphunzitsi tidziwa mphamvu ya kaundula, pakuti mwana amene samva kudzudzula kwa pakamwa atekeseka akaona cholembera chiri kuyandikira dzina lake. Akuru omwe ali otero.

Koma kapepala ka galimoto yoima kali ndi njira yina. Lamulo la m'chaka cha 1991 linayamba kuchotsa milandu yotere m'manja mwa apolisi ndi kuipereka kwa makhonsolo a mizinda. Mlonda wa khonsolo sadziwa amene anayendetsa, pakuti apeza galimoto yokha. Chifukwa chake alemba nambala ya galimoto, ndipo mangawa agwera iye amene galimotoyo inalembedwa m'dzina lake. Awerengedwa mangawa chabe, monga a munthu wokongola ufa, osati upandu; ndipo pa mbiri ya woyendetsa sipaikidwa dontho ngakhale limodzi. Pali malo owerengeka pamene ziri zosiyana. Wosiya galimoto pamalo poti ingavulaze anthu, kapena pa mizere yokhotakhota ya pafupi ndi pooloka oyenda pansi, angalandire madontho 3 kwa apolisi, chifukwa pamenepo aika moyo wa munthu pa ngozi. Kupatula zotere, munthu angalandire timapepala khumi m'chaka chimodzi, mbiri yake nikhala yoyera ngati nsaru ya pa Sabata.

Apa ndi pamene pabisala chinyengo. Munthu anena mumtima mwake, Ngati dzina langa silidetsedwa, ndifulumiriranji? Naika kapepalako m'thumba la chitseko cha galimoto, nakaiwala. Koma makolo athu ananena kuti mlandu suola, ndipo a khonsolo, angakhale sanamve mwambiwu, auchita mokwanira. M'mizinda yambiri ya kunja kwa London, chindapusa cha mlandu wokulirapo ndicho mapaundi 70. Wolipa asanathe masiku 14 alipa theka lokha, mapaundi 35. Wozengereza kufikira masiku 28 alipa onse 70. Wokhala chete alandira kalata pa keyala yake, ndipo akapitiriza kukhala chete ionjezedwa theka lina, nafika mapaundi 105. Pambuyo pake mangawawo alembedwa ku bwalo, ndipo potsiriza afika pakhomo amithenga okhala ndi mphamvu ya kulanda katundu, ngakhale galimoto yomwe. Ndipo malipiro a amithengawo, oposa chindapusa choyamba chija, awasenza wamangawa yemweyo. Taonani, chimene chikadatha ndi mapaundi 35 chadya malipiro a masiku ambiri. Ndipo tsoka likula kwa iye amene anasamuka osauza Boma keyala yake yatsopano, pakuti makalata onse apita ku nyumba yakale, iye nayamba kumva za mlandu wake amithenga ali pakhomo.

Sitinena kuti kapepala kali konse nkolungama. Alonda ndiwo anthu, ndipo aphonya. Chikwangwani chingakhale chitagwa, mzere utafafanizika, kapena galimoto itaonongeka pomwepo. Chifukwa chake lamulo lipatsa munthu ufulu wa kulembera khonsolo ndi kunena mau ake, ndipo akakanidwa angapite kwa woweruza wosakhala wa khonsolo. Njira zoongoka ziri ziwiri, kulipa kapena kuyankha. Yachitatu, ndiyo kukhala chete, siichotsa mlandu ndipo siionetsa chilungamo; ingonenepetsa mangawa.

Komabe wina adzati, Uyo alipa chifukwa aopa amithenga. Nanga amithenga akadapanda kukhalapo? Funso ili liri ndi yankho lake, pakuti chinthu chotere chinachitikadi, ndipo tiyenera kubwerera ku Amereka kukachiona. Mu mzinda wa New York muli likuru la bungwe la United Nations, kumene maiko a dziko lonse lapansi atumiza akazembe ao. Mwambo wa maiko ndi wakuti kazembe sagwidwa kapena kuzengedwa mlandu m'dziko limene atumidwako. Mwambowu uli ndi chifukwa chabwino, pakuti mthenga woopa kumangidwa sangathe kunena mau a mfumu yake momasuka. Ndipo pangano la ku Vienna la m'chaka cha 1961, limene linaulemba bwino, linenanso kuti kazembe ayenera kulemekeza malamulo a eni dziko. Tsono alonda a ku New York anali kuika timapepala pa magalimoto a akazembe monga pa a anthu onse. Koma kazembe akakana kulipa, panalibe bwalo lomuitana, panalibe mthenga womlanda kanthu, panalibe buku lodetsamo dzina lake. Panatsala munthu yekha ndi mtima wake.

Aphunzitsi awiri a sukulu zaukachenjede, Raymond Fisman ndi Edward Miguel, anasanthula mabuku a mzindawo nafalitsa zimene anapeza m'chaka cha 2007. Kuyambira November 1997 kufikira kumapeto kwa 2002, akazembe ndi a m'nyumba zao za ntchito anasiya timapepala toposa 150,000 tosalipidwa, ndipo ndalama zake zinaposa madola 18 miliyoni. Koma sanachimwe mofanana. A dziko la Kuwait anatsogola, pakuti timapepala tao tosalipidwa, togawidwa pa chiwerengero chao, tinaposa 240 pa kazembe mmodzi. Anatsata a ku Egypt ndi a ku Chad. Pamene a maiko ena, monga Norway, Sweden, Denmark, Canada ndi Japan, analibe mangawa ngakhale amodzi. Ndipo pakati pa oyera awa panalinso a ku Burkina Faso, dziko losauka la mu Afrika muno. Onsewa anayenda m'miseu imodzimodzi, nasowa poima mofanana, nakhala ndi ufulu umodzimodzi wa kusalipa. Chowasiyanitsa sichinali pa mseu, koma m'chimene ali yense anadza nacho kuchokera kwao. Ofufuzawo anaona kuti, kunena za ambiri, akazembe a maiko odziwika ndi ziphuphu ndiwo anasiya mangawa ochuruka.

Pali chinthu china m'mabukuwo chimene chitiletsa kunyada kapena kunyoza mtundu wa anzathu. Kazembe akakhalitsa mu mzindamo, mangawa ake anali kuchuruka koposa m'miyezi yake yoyamba. Ndipo ichi chinaoneka makamaka mwa iwo ochokera ku maiko a mbiri yabwino. Anafika ndi mwambo wa kwao, naona anzao alikusiya magalimoto pali ponse osaona choipa, ndipo pang'ono pang'ono mwambowo unasungunuka ngati mchere m'madzi. Chotero kukhulupirika sikuli ngati khungu limene munthu abadwa nalo nafa nalo. Kuli ngati munda, umene ukasiyidwa chaka chimodzi umera nsongole.

Kumapeto kwa chaka cha 2002 akuru a mzinda analandira mphamvu ya kuchotsa nambala zaulemu pa galimoto ya kazembe ali yense wokhala ndi timapepala toposa titatu tosalipidwa. Pomwepo milandu yosalipidwa inagwa: pa 100 iri yonse ya kale sipanatsale ngakhale iwiri yathunthu. Anthu anali omwewo, miseu yomweyo. Chatsopano chinali chakuti tsopano kusalipa kunali ndi chotsata chake. Apa tiphunzira kuti lamulo lokhala ndi chilango liri ndi ntchito yaikuru, ndipo asatinyenge amene anena kuti chilangizo chokha chikwanira kusunga mudzi. Koma tiphunziranso malire a lamulo. Linaongola magalimoto, koma sitinganene kuti linaongola mitima. Iye amene anayamba kulipa mu 2003 anali wochenjera. Wokhulupirika ndi uja analipa, kapena anapewa kulakwa, mu 1998, pamene panalibe womkakamiza.

Tisanachoke ku Amereka tiyenera kunena mau amodzi kwa osunga malamulo, kuti tingaoneke ngati tiyesa wosalipa ali yense wouma mtima. M'chigawo cha Illinois, mmene muli mzinda wa Chicago, munali lamulo lakuti munthu wokhala ndi timapepala khumi tosalipidwa alandidwe chiphaso chake. Pamenepo mlandu wa galimoto yoima unafikadi pa dzina la woyendetsa. Koma amene anagwa m'mbunamo, ambiri anali osauka. Chindapusa chinawirikiza chifukwa cha kuchedwa, chiphaso chinalandidwa, munthu nalephera kupita ku ntchito, ndipo wopanda ntchito alipa ndi chiani? Olemba nkhani a bungwe la ProPublica anaonetsa m'chaka cha 2018 kuti anthu zikwi a mu Chicago, makamaka a m'madera a anthu akuda, anafika popita ku bwalo kukavomera kuti mangawa awamiza. Aphungu a chigawocho anasintha lamulo, ndipo kuyambira July 2020 chiphaso sichilandidwanso chifukwa cha milandu ya galimoto yoima. Anachita bwino, pakuti kulanda khasu la wamangawa ndi kumuuza kuti alipe ndi chimanga cha m'munda mwake, kumeneko si kuweruza. Ndipo nzomvetsa chisoni kuti m'dziko limodzi lomwelo kazembe wokhoza kulipa anakhala zaka zambiri osakhudzidwa, pamene wosauka anataya ntchito chifukwa cha kapepala komweko. Anaona kale akuru amene anati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu.

Ife Akristu tiri ndi chitsanzo choposa cha akazembe a ku Norway. Tikumbuke nkhani ya pa Mateyu 17, pamene okhometsa msonkho wa Kachisi anadza kwa Petro ku Kapernao. Ambuye anamsonyeza Petro kuti ana a mfumu sakhomedwa msonkho ndi atate wao; ndiko kunena kuti Iye, mwa anthu onse, anali womasuka. Koma sanagwiritse ntchito ufuluwo. Anamtuma Petro ku nyanja ndi mbedza, ndipo ndalama yopezeka m'kamwa mwa nsomba inalipirira onse awiri, kuti anthu aja asakhumudwe. Kazembe weniweni wa Mfumu ya mafumu analipa chimene palibe akadamkakamiza kulipa.

Tsono tibwere kwathu. Ifenso tiri ndi mabuku athu a madontho. Buku la akuru a mpingo lilemba wachigololo, woledzera, wopita kwa woombeza. Ndipo tonse tichenjera kuti maina athu asalowemo, pakuti tiopa kuletsedwa Mgonero ndi kutchulidwa pamaso pa anthu. Nzabwino kuopa kotero. Koma taŵerengani milandu imene buku limenelo siliidziwa. Khasu limene tinabwereka nthawi ya dzinja, ndipo likali m'nkhokwe mwathu. Mbale ya ufa imene mkazi wamasiye anatikongoza m'mwezi wa njala, ndipo achita manyazi kuitchula. Chopereka chimene tinalonjeza mokweza mau pomanga kachisi, osachipereka. Mbuzi zathu zinadya chimanga cha mnansi iye ali ku maliro, ndipo sadziwa kuti zinali za yani. Tsiku la ntchito ya pa mlatho limene tinathawa, dzina lathu nililembedwa pamodzi ndi ogwira. Ngongole ya ku gulu losunga ndalama imene tiichedwetsa dala, podziwa kuti msungichuma ndi mlamu wathu ndipo sangatikalipire. M'zonsezi tiri akazembe: palibe mthenga adzafika, palibe dontho lidzaikidwa. Munthu angakhale mkulu wa mpingo zaka makumi atatu, mbiri yake yoyera, ndi thumba lake lodzala timapepala totere.

Ndipo mangawa awa nawonso akula, ngakhale palibe khonsolo yowaonjezera. Mkazi wamasiye uja sadzatiitanira kwa mfumu. Koma chaka cha mawa, wina wosowa akadzagogoda, adzati ufa watha. Mnansi wodyeredwa chimanga adzayamba kukayika mudzi wonse. Ana athu, amene aona khasu la eni m'nkhokwe namva tirikuimba m'kachisi, adzaphunzira monga anaphunzirira akazembe atsopano aja, kuti pano mwambo ndi kusabweza. Chotero chindapusa chimene ife tinachizemba achilipa ena, ndipo achilipa chowirikiza.

Kwa inu ana athu okhala m'mizinda ya kutali, mau athu ndi achidule. Mukapeza kapepala pa galasi, muwerenge tsiku lake madzulo omwewo. Ngati munalakwa, lipani masiku a theka asanathe. Ngati simunalakwe, lembani kalata ndi kusunga umboni wanu. Mukasamuka, dziwitsani Boma keyala yanu. Ngati mulibe ndalama, nenani msanga kwa eni mlandu ndi kwa abale anu, pakuti manyazi a lero apepuka koposa amithenga a mawa. Ndipo musanyengedwe ndi mau akuti sizilembedwa pa chiphaso. Muli alendo kwa eni, ndipo ambiri a kumeneko sadzadziwa za kwanu china koma chimene aona mwa inu.

Ndipo kwa ife otsala kumudzi, tisayembekeze kuti akuru a mpingo aike lamulo latsopano la makasu ndi mbale za ufa. Sangathe, ndipo sikuyenera. Ali yense akhale pansi sabata lino, nakumbukire chimene ali nacho cha mwini wake, chimene palibe wina angamfunse. Akachipeza, achinyamule napite nacho dzuwa lisanalowe. Ndipo wolandirayo asafunse chifukwa cha kuchedwa. Alandire, nayale mphasa.